Anajambulira M'khitchini Mwanga

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji kumeneko, inu, alamu anga ndi ana? Mwendo uja unasiya kutupa? Ine kuno ndilipo, kungoti ndilipo basi. Mukhululuke zilembo zokhotakhotazi, ndikulemba mobisa.

Paja nditakuuzani kuti ndapeza mwayi wosewera mufilimu munandiseka, mumvekere munthu wobisala kumbuyo mukwaya aima bwanji pa kamera. Ndikanangomvera kuseka kwanuko.

Anandipatsa mbali ya mkazi wothirira mwamuna wake mankhwala a makoswe mu tiyi. Ndinafunsa mkulu wojambulitsa chifukwa chake m'mafilimu oterewa wakupha amangokhala mkazi. Anaseka, akuti mwamuna womenya mkazi si nkhani, anthu amaziona kwa aneba tsiku ndi tsiku, koma mkazi wachiphe ndiye amadzaza holo.

Kupusa kwanga kunali apa: nyumba imene anakonza itakanika, ndinawalola kujambulira m'khitchini mwanga, bambo a mwana ali kuntchito. Anagwiritsa ntchito zomwe anapeza, makatani anga, ketulo yanga, ndi kapu yobenthuka ija imene bambo a mwana salola wina kumwera. Chimene ndinathiramo chinali shuga, achemwali, shuga weniweni.

Filimu potuluka, anali atadula malo onse oonetsa mwamunayo akutsekera mkazi kuchipinda ndi kumukoka tsitsi. Ndinangotsala ine, ndikumwetulira, ndikutakasa tiyi.

Ndiye Lolemba bambo a mwana anagwa kuntchito akusanza magazi, ndipo agonekedwa m'chipatala. Adokotala akuti mwina ndi zilonda za m'mimba, zotsatira zituluka Lachisanu. Koma alongo awo awiri aja sakufuna kudikira. Akuyenda ndi kachidutswa ka filimuyo pafoni, kuonetsa aliyense mumsewu mwathu kuti onani kapu ya achimwene athu. Wogulitsa masamba anakana kundigulitsa. Dzulo masana wina anagenda zenera la kukhitchini.

Apongozi asamukira muno. Alanda foni yanga ndi makiyi a pageti, ndipo sakulola mwana kudya chilichonse chochoka m'manja mwanga. M'mawa uno mwanayo, kamtsikana ka zaka zisanu zokha, kanandifunsa ngati nakonso ndidzakathirira.

Pali chimene ndakubisirani chikwatiwire. Zimene anadula zija sindinachite kuphunzira. Onse anawomba m'manja kuti ndimatha kulira, osadziwa kuti ndinkangokumbukira za m'nyumba mwanga momwe. Ndipo filimuyo ndinasewera mobisa, bambo a mwana osadziwa. Choncho ndikuopa mbali zonse. Akamwalira, abale awo andimaliza. Akachira, adzaiona filimuyo.

Kalatayi ndapatsira mayi wotidzola kumaso pojambula, kudzera pamwamba pa mpanda, kuti aipereke pa basi. Ndinamva apongozi akunong'oneza ana awo kuti Lachinayi atenga mwana kupita naye kwawo, ndipo sindidzamuonanso.

Chonde bwerani Lachitatu lisanathe. Musabwere nokha, mubwere ndi amalume, pakuti apongozi sangatsegulire mkazi geti. Mukaona kuti tonse awiri sangatitulutse, musalimbane nawo za ine. Nyamulani mwanayo muzipita, ngakhale mundimve ndikukuitanani.

Moni kwa alamu ndi ana. Amayi muwapatse moni wokha, zinazi ayi, mtima wawo mukuudziwa. Mulungu akuyendetseni bwino pamsewu, ndipo mundipempherere.

Ndine mng'ono wanu,
Chitsirizira wa amayi