Mawu Oti Ndimuuze Kieran

Lolemba, 3 Novembala

Ndakomoka m'sitolo, pafupi ndi firiji ya nsomba. Magetsi othobwa m'maso, nyimbo za Khrisimasi mu Novembala muno, mwana akukuwa, makina olipirira ali piii piii. Kenaka zii. Potsitsimuka, mutu uli pa jekete la munthu wosamudziwa.

Adokotala akuti kuthamanga kwa magazi kunatsika poti sindinadye m'mawa. Mtima uli bwino. Basi.

Lachiwiri, 4

Glenys wa khomo loyandikana nane wabwera ndi masikono. "Mwamuuza Kieran?" Ndati ayi. "Amayi inu, muimbireni mwana! Munene kuti blacked out, mawa lomwe akwera ndege. Wangayo ine ndimangomutsokomolera pafoni." Taseka.

Khrisimasi yachinayi iyi osamuona mwanayu. Kuchoka ku Calgary, ku Canada, kufika kuno ku Hull, ku England, n'kutali, ndikudziwa. Ana akenso ali pasukulu.

Lachinayi, 6

Ndikuyeza mawu achingerezi onena za kukomoka monga ndinkayezera mankhwala ndili pantchito. Conked out: galimoto yothima pamsewu, angoseka. Keeled over: boti logadabuka, Kieran ndi mwana wa msodzi, sangaseke. Mawu a Glenys aja, blacked out, ndi mdima weniweni, angabweredi. Onsewa ndi oona, vuto lake n'lomwelo. Koma adokotala anati palibe choopsa, ndipo ine sindiitana munthu pomuopseza.

Ndatsegula zenera la kuchipinda kwake kuti mupite mphepo. Popanda chifukwa.

Loweruka, 8

Sanaimbe.

Lamulungu, 9

Waimba. Ndasankha mawu ochepetsetsa, aja a nkhalamba zakuno: funny turn, kachizungulire chabe.

Ndayang'ana foni, mwina yaduka.

"Kieran, ulipo?"

"Amayi, bambo ananena mawu omwewo. Atakhala pamasitepe, akumanga nsapato. Sabata isanathe anatisiya."

Ndinali nditaiwala. Ine ndimakumbukira dzina la mtsempha umene unaphulika. Iye anasunga izi.

Ndamufotokozera zonse zimene adokotala anapeza, mwadongosolo. "Wamva? Ndili bwinobwino ine." Uku ndikumva zala zake zikugogoda pakompyuta.

"Ndifika Lachitatu. Musayendetse galimoto."

Tikiti yodula, ntchito, ana. Zifukwa zonse zomuletsera ndinali nazo, zomveka bwino. Ndatsegula pakamwa.

"Utenge juzi," ndatero kwa munthu wa ku Calgary, kozizira kuposa kuno. "Kuno kwazizira."