Mng'oma wa Atate ku Woodlands

Woodlands, Lusaka
14 Okutobala 2023

Okondedwa asisi Deborah,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Chipata, ndi kuti dzanja la atate layamba kugwira sipuni monga munanenera. Kalatayi muwerenge panokha. Pa foni ndalephera kunena, chifukwa nthawi zonse atate amakhala pambali panu.

Mng'oma umene anandisiyira podwala paja ulibe mfumukazi.

Mwezi watha njuchi zinayamba kulira modabwitsa, kulira kosalekeza, ndipo zinaluma mayi wa kuseri kwa mpanda akuyanika zovala. Nditavala chipewa cha atate n'kufukiza utsi, ndinatsegula. Mazira munalibe. Pa chisa chimodzi panali tinthu titatu tolendewera ngati mtedza. Ndinati ndi matenda, ndinatidula ndi mpeni n'kutitaya m'dzala. Ndinapita kuntchito ku Longacres ndikudzitama mumtima.

Patapita sabata ndinaitana ba Kalaba, mnzawo wa atate amene amasunga njuchi ku Kabulonga. Nditawafotokozera, anakhala pansi pa njerwa, chipewa m'manja.

"Ba Helen, siyenze matenda iyo. Zenze kulela mfumukazi ina. Mwaipaya."

Asisi, ndinapha mfumukazi yatsopano ndi manja anga. Sanandikalipire, koma bola akanatero.

Anabweretsa chisa cha mazira kuchokera ku mng'oma wawo kuti njuchi zathu zilerepo mfumukazi yatsopano. Tinadikira masiku khumi. Dzulo tinatsegula, sizinalere kanthu. M'malo mwake njuchi wamba zayamba kuikira zokha, mazira atatu kapena anayi m'kabowo kamodzi, ndipo ba Kalaba akuti amenewo amaswa zazimuna zokhazokha, zosabweretsa uchi. Zakale zikufa tsiku ndi tsiku. M'mawa uliwonse ndimasesa pansi pa mtengo wa mapeyala ndisanakwere minibasi.

Loweruka la sabata yamawa ba Kalaba akubwera kudzatenga zotsalazo, akazisakanize ndi zawo. Akuti tikachedwa sipatsala ndi imodzi yomwe. Ndavomera. Bokosi lokhalo ndakana kuti lichoke, ndilitsuka likhale pamalo pake. Zaka khumi ndi chimodzi atate akusamala njuchi zimenezi, ine miyezi inayi yokha.

Uchi umene anakolola chaka chatha watsala mabotolo awiri. Limodzi ndatumiza pa basi pamodzi ndi mankhwala awo ndi juzi yabuluu ija. Linalo sinditsegula.

Ndithandizeni nzeru, inu ndinu akulu ndipo mumawaona atate nkhope tsiku lililonse. Ngati mtima wawo ungapirire, ndibwera pa Khirisimasi ndidzagwade ndinene ndekha. Musandinenere.

Moni kwa alamu ndi ana, makamaka Chloe amene wayamba sukulu. Atate muwagwire dzanja lodwalalo, munene kuti ndi Helen. Akafunsa za njuchi zawo, muwauze kuti zikuuluka. Mpaka Loweruka zimenezo si zabodza.

Ine mng'ono wanu,
Helen