Chitsime cha ba Kapembwa

Kanyama, Lusaka
Juni 2024

Wokondedwa mlongo wanga Whyson,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako kumeneko ku Japan. Kodi chifuwa chija chinakusiya? Ukudya mokwanira? Kuno tilipo. Given wabwerera kusukulu, ine ndayambanso kugulitsa tomato ndi repu m'mbali mwa msewu. Kuzizira kwafika, madzi amene anadzaza komboni aphwa, kwatsala fumbi ndi fungo.

Ndasankha kulemba papepala chifukwa pafoni mawu amanditsamwitsa. Given ajambula mapepalawa kuti akutumizire.

Uthenga wako wautali uja ndinaumvera mpaka kumapeto. Unandipepesa bwino pa imfa ya alamu ako a Moven, ndipo ndathokoza. Koma kenaka unalowa m'nkhani zako zakumwamba. Unati ndisataye mtima ndi anthu, pakuti mtundu wa anthu ukukula. Unati kasetilaiti kamene mukupanga kusukulu kwanuko kazidzaona kumene madzi asefukira, ndipo tsiku lina adzukulu athu adzakhala ku Mars. Unati kumeneko sikudzakhala mfumu kapena chipani, madzi azidzagawana mofanana, ndipo nkhani iliyonse azidzaithetsa ndi voti, chifukwa anthu akachuluka sangalakwe onse pamodzi.

Whyson, iwe ukudziwa kuti alamu ako anafa ndi kolera. Zimene zinachitika asanafe sukuzidziwa, pakuti unali pamayeso. Lero uzimve.

Ukukumbukira mdadada wa ba Kapembwa umene tinkachitako lendi, ndi chitsime chosazama chija chapakati pa bwalo. Ba Kapembwa ndiwo eni nyumba, ndiwonso tcheyamani wa chigawo chimenecho. Chitsimecho chinkamwetsa mdadada wonse ndi nyumba zoyandikana, chifukwa kumpopi n'kutali ndipo mzere wake sutha.

Mvula ya Januwale itakula, chimbudzi chakuseri chinadzaza. Ukudziwa kuti pansi pa Kanyama ndi mwala, madzi alibe kolowera. M'mawa wina alamu ako akutulutsa wilibala kuti apite kumsika kukanyamula katundu wa anthu, anaona madzi akuda akuchokera kuchimbudzi, kudutsa pansi pa mpanda, n'kukathera m'chitsime. Anandiitana. Ndinaona ndi maso angawa.

Anapita kwa ba Kapembwa mwaulemu, chipewa chili m'manja, n'kuwapempha kuti chitsime chitsekedwe mpaka mvula ithe. Ba Kapembwa sanakalipe. Anaseka, nati iwo si munthu wolamula yekha, dziko lino ndi la demokalase, aitanitsa msonkhano kuti anthu asankhe okha.

Tinakumana Lamlungu titaweruka kutchalitchi, pansi pa mtengo wa kotapeya uja. Alamu ako sanali munthu wa mawu, ndipo chibwibwi chinkawagwira akaima pagulu. Ananena zimene anaona, n'kukhala pansi. Wina kumbuyo anawayeseza kalankhulidwe, anthu n'kuseka.

Ba Kapembwa analankhula ngati m'busa. Anati chitsimecho anakumba ndi atate awo, ndipo chamwetsa ana amene lero ndi manesi ndi aphunzitsi. Anafunsa azimayi ngati ali okonzeka kutha tsiku lonse pamzere ndi zigubu. Anafunsa azibambo ngati akufuna akhonsolo abwere, aone zimbudzi zawo, ayambe kugwetsa nyumba. Potsiriza anati, "Manje munthu wa wilibala ndiye azatiphunzitsa vamadzi? Amene mufuna chitsime chikhale, kwezani manja."

Manja anakwera bwalo lonse. Ndinayang'ana Towela, mnzanga wa khomo loyandikana, amene tinkabwerekana mchere ndi makala. Dzulo lake ndinali nditamuonetsa madzi akudawo, iye n'kugwira mphuno. Dzanja lake linali m'mwamba, maso ali pansi. Mbali yathu tinali ine, alamu ako, ndi nkhalamba ina yosamva bwino, imene ndikukhulupirira sinadziwe chimene ikuvotera.

Usaganize kuti anthu aja anali zitsiru. Ankadziwa. Koma kutopa kwa lero kumalankhula mokweza kuposa maliro a mawa. Nditamufunsa Towela madzulo ake, anati, "Amake Given, nenze na mantha. Ba landilodi benze kuniyang'ana."

Ife tinayamba kutunga kumpopi ndi kuwiritsa madzi. Anthu ankatitcha mabwana a kumayadi amene anasochera n'kugwera m'komboni.

Sipanapite nthawi, kamwana ka Towela kanayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Kanafera pamsana pa mayi wake asanafike kuchipatala. Kenaka anagwa mnyamata wa chipinda chakumapeto, kenaka nkhalamba yosamva ija.

Ine ndinkayembekeza kuti abwera kudzanena kuti a Moven munanena zoona. Ndinali wopusa. Kunabuka mphekesera. Ankafunsa kuti munthu wosaphunzira anadziwa bwanji kuti kubwera matenda. Ankafunsa chifukwa chake nyumba yathu yokha inalibe wodwala. Anati alamu ako anathira mankhwala m'chitsime kuti mawu awo aoneke oona. Pamaliro a mwana wake, Towela anandiloza chala anthu onse akuona, nati ndichoke, ndakhuta kale nyama ya mwana wake.

Ndaganizira za Towela kwambiri. Kuvomera kuti dzanja lake lomwe ndilo linamwetsa mwanayo madziwo kukanamupha. Kunena kuti ndi a Moven kunali kopepuka. Ndimamvetsa zimenezo, komabe sindinamukhululukire.

Anaitanitsa msonkhano wina pansi pa mtengo womwewo. Ba Kapembwa anati iwo alibe chifukwa ndi ife, koma anthu anene. Manja omwe aja anakweranso, kuti mwezi ukatha tikhale titachoka. Tsiku lomwelo mwala unaswa zenera lathu. Alamu ako anatola magalasiwo, n'kutsekapo ndi katoni.

Mwezi usanathe, akazi a ba Kapembwa anadwala. Madzi anali atatseka tinjira tonse, galimoto ya odwala inkathera kumsewu wa tala. M'mawa tinamva kugogoda. Nditatsegula ndinapeza ba Kapembwa ataima m'madzi ofika m'mawondo, nkhope itagwa. Anati, "Ba Moven, nithandizeni. Bakazi banga bazafa."

Ndinaima pakhomo nditatambasula manja. Ndinawauza kuti apite akaitane manja onse aja amene anakwera, ndiwo anyamule akazi awo. Ndinauza alamu ako kuti akatuluka ndiye kuti alibe manyazi. Anandisuntha pang'onopang'ono ngati akusuntha mpando, nati, "Amake Given, mayi uja sanakweze dzanja. Anali kuchapa."

Anawanyamula mayiwo pawilibala mpaka kumsewu. Pobwerera anapeza wina akudikira, kenaka winanso. Tsiku lonse anakankha wilibala m'madzi akudawo, majombo awo ali obooka, akunyamula anthu omwe anavota kuti tichoke. Ine ndinakhala m'nyumba nditatupa ndi mkwiyo, ndipo atabwerako sindinawalankhule.

Alamu ako atayamba kusanza, panalibe wowakankha. Ine ndi Given tinawakweza pawilibala yawo yomwe. Zitseko za mdadada zinali zotseka, makatani akugwedezeka. Titafika kumsewu, nanenso miyendo inali itayamba kufooka. Anatitengera tonse awiri kubwalo lalikulu la mpira kumene ankasungako odwala, amuna mbali yawo, akazi mbali yawo. Given anamutenga azakhali ake a ku Matero.

Pamene ndinatsitsimuka n'kufunsa za amuna anga, nesi anakhala pambali panga n'kundigwira dzanja. Anali atamwalira, ndipo anali ataikidwa kale, pakuti mtembo wa kolera sudikira abale. Sindinawasambitse, sindinawaone nkhope, sindinaponye dothi. Munthu mmodzi yekha wa kwathu amene anatsatira galimoto ya maliro mpaka kumanda anali ba Kapembwa. Akazi awo anachira.

Pambuyo pake akhonsolo anabwera, anathira laimu m'chitsime n'kuchikwirira ndi miyala. Sanafunse munthu aliyense kuti akweze dzanja. Lero ukafunsa pamdadada paja, aliyense akuuza kuti iye ananena kale kuti madzi aja ndi oipa. Mwezi watha anasankhanso tcheyamani. Ba Kapembwa anali atangoimika thanki yamadzi pabwalo, ndipo anapambana. Ine ndinasamukira kutsidya kwa ngalande, m'kachipinda kamodzi.

Tsopano ndikuyankhe za ku Mars. Sindikunyoza maphunziro ako, mlongo wanga. Ndinagulitsa makala kuti umalize sekondale, ndipo ndimanyadira ndikamauza anthu kuti mlongo wanga amapanga zinthu zouluka kuseri kwa mitambo. Mwina mudzafikadi. Anthu amene anakwanitsa kuti mawu ako atuluke m'kafoni kanga kothetheka galasi akhoza kukwanitsa zimenezonso.

Koma m'chombo chimenecho mudzakwera ndani? Si anthu? Mudzakwera Towela ndi mantha ake. Mudzakwera ba Kapembwa ndi pakamwa pawo pozuna. Mudzakwera ndi ine amene ndinatseka khomo mayi akufa. Mtima sutsala pansi munthu akamauluka. Ndipo mukadzakhala ndi mwayi wokhala ndi wina wonga alamu ako, ndiye amene mudzamutume panja paipi ikadzaphulika, pambuyo pomuseka.

Voti imawerenga manja, siifunsa chimene chakweza dzanjalo. Sindikunena kuti kuli bwino munthu mmodzi azilamula. Ba Kapembwa akanalamula okha, chitsime chikanakhalabe chotsegula. Kusiyana kwake n'kwakuti ndikanakhala ndi munthu mmodzi woti ndimude. Lero ndikamayenda m'komboni, aliyense wondipatsa moni ndimayang'ana dzanja lake. Wogula tomato akamandipatsa ndalama, ndimakumbukira ngati dzanjalo linali m'mwamba. Kutopetsa kwake sungakudziwe.

Nachi chimene ndakulembera. Whyson, sindikudziwa pamene amuna anga agona.

Nditapeza mphamvu ndinapita kumanda ndi Given. Mitumbira ya nthawi ya kolera ndi yambiri, yoyandikana ngati mizere ya mbatata. Tizikwangwani tambiri tinagwa ndi mvula, tina tinafufutika. Tinayenda mpaka dzuwa kutipsereza, tikutembenuza timalata tadzimbiri. Given anafuna kuti tingosankha umodzi tipempherepo. Ndinakana. Sindingalirire mwamuna wa mwini, wanga ali pafupi akundimva.

Sabata yatha ba Kapembwa anabwera pamene ndimagulitsa. Sanagule kanthu. Anangoti pamene panaikidwa ba Moven akupadziwa. Anati tsiku lomwelo anazikapo chitsulo kumutu n'kuchikhomerera mpaka pansi kuti akuba asachizule, ndipo palibe wina angachipeze koma iwo. Anati tsiku lililonse limene ndingafune, andiperekeza. Sanapepese. Ndinayang'ana tomato wanga mpaka anachoka.

Sindingathe kupita nawo ndekha. Ndikuopa pakamwa panga, ndikuopanso manja anga ndikadzaona mwala pafupi. Koma chimene ndikuopa koposa n'chakuti ndidzagwa pamtumbirapo ndikulira, iwo n'kundidzutsa, ine n'kulola. Given ndi mwana, sindifuna aone zimenezo. Abale aamuna a alamu ako ali kutali ku Katete, ndipo atamva za ufiti zija anangoti zii.

Unandiuza kuti mu Ogasiti sukulu itseka, ndipo ukuganiza zotsala kuti umalize ntchito yanuyo. Ndikukupempha, bwera. Udzayende pakati pa ine ndi munthu ameneyu. Sudzafunika kunena kanthu.

Usachedwe. Ba Kapembwa ali ndi matenda a shuga, ndipo tsiku lija ndinaona kuti mapazi awo atupa, nsapato anangoziponda kumbuyo. Akapita, amuna anga atayika kachiwiri, ndipo sipadzakhalanso wowapeza. Choncho m'mawa uliwonse ndikagwada, nditapempherera Given ndi iwe, ndimapempha Mulungu kuti asunge moyo wa ba Kapembwa. Mawuwo amandiwawa pakhosi ngati ndulu, koma ndimawanena.

Undiperekere moni kwa mnzako Eugene amene umakhala naye, umuuze kuti ndathokoza pokusamalira pamene unkadwala. Ukaimbira amalume ku Katete, uwauze kuti tili moyo, zinazi usawauze. Given akuti moni wambiri, akuti chithunzi chako wachimata pakhoma.

Mulungu akusunge, akudalitse m'maphunziro ako, ndipo akutsegulire njira yobwerera kuno.

Ndine mlongo wako,
Ennie