Mwendo Wakumanzere

Lachinayi, 9 Okutobala

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi. Ine kuno ndilipo, chifuwa chija chinatha. Ndasankha kulemba chifukwa nkhani ndili nayoyi pakamwa ikundikanika.

Kuntchito tsache ndinalisiya, tsopano anandipatsa tebulo langa pafupi ndi zenera. Munafunsa kuti ntchito yakeyo ndi yotani. Timajambula munthu pa kompyuta, kenaka timamuika mafupa m'kati, monga mmene inu mumayambira ndi mitengo ya denga malata asanabwere. Ukagwira bondo n'kulisuntha, mwendo wonse umatsatira. Umangosonyeza poyambira phazi ndi pothera pake, zapakati makina amadzaza okha. Chingerezi cha pamabatani sindichimva chonse, ndimangodziwa malo ake. A Ndevu, amene anandiphunzitsa, amanditchula mphaka, akuti sindimveka koma ntchito imapezeka yatha.

Mwezi watha kunabwera mwini sitolo ya penti. Ankafuna kamdala konyamula chitini, koti kazidutsa pamwamba pa tsamba lake la pa intaneti. Abwana anandipatsa ine, koyamba kugwira ndekha. Anzanga akafuna kuyendetsa munthu amaimirira n'kumayendayenda muofesi wina akuwajambula pa foni, kuti aone mmene thupi limachitira. Ine zimenezo sindingathe, anthu akundiyang'ana. Ndiye ndinangokhala pansi n'kuyendetsa kamdalako kuchokera m'mutu.

Nditamaliza, a Ndevu anaima kumbuyo kwanga n'kuseka mpaka kugwira mpando. Anati, "Iwe mphaka, mdala ameneyu wamutola kuti? Taonani phewa mmene likugwera, mwendo akuchita kuukoka ngati wobwereka." Onse anabwera kudzaona. Inenso ndinayang'anitsitsa. Bambo, ndi inu. Nkhope si yanu, zovala si zanu, koma mwendo wakumanzere ndi wanu, ndi kaimidwe kaja mumayamba mwaima pang'ono musanaponde, chigwereni padenga paja.

Sindinachite dala. Ndikudziwa kuti kutchalitchi mumafika anthu asanabwere n'kutuluka onse atapita, ndiponso simulola munthu kuyenda kumbuyo kwanu. Ndine ndekha amene munkandilola, nditasenza chikwama cha misomali. Zikuoneka kuti maso anasunga, manja n'kutulutsa osandifunsa.

M'mawa mwake ndinalawirira n'kuwongola mwendowo. Abwana ataona anati, "Wamupheranji munthu wanga? Uyu akuyenda ngati chitseko. Bwezeretsa." Mwini sitolo nayenso anali ataona kale woyambayo, akuti ana ake sakumupatsa mpata pa foni, akungoonera kamdalako. Apa ndisakunamizeni. Abwana si munthu wovuta, ndikanawauza chifukwa chake mwina akanandimvera. Sindinawauze. Wowongokayo ndinamuyang'ana nthawi yaitali, anali mlendo kwa ine. Nditabwezeretsa ndinakhala ndikuonera akudutsa, kubwerera, kudutsanso, mpaka tiyi anazizira. Pajatu chaka chino sitinaonane.

Tsambalo alitsegula kumapeto kwa mwezi uno. Sitoloyo ili ndi nthambi pafupi ndi msika wa kwathuko, komwe amisiri anzanu amagula zipangizo. Chakudya sichikulowa ndikaganiza kuti wina adzakutsamirani ndi foni akuseka, n'kunena kuti taonani zimene wapanga mwana wanu. Anthu aja amakudziwani ngakhale muli patali, sadzafunika kuuzidwa.

Kakanemako ndatumiza pa foni ya achimwene. Ndawapempha kuti asaonetse munthu, ngakhale alamu, akupatseni inu muonere nokha kuchipinda. Mukati ayi, ndipita kwa abwana ndikawauze zonse, ngakhale anzanga akumva, ngakhale ntchitoyo aipereke kwa wina. Mawu okanena ndayamba kale kuwayeserera ndikamachapa, koma ndikafika pa dzina lanu amathawa.

Moni kwa amayi, muwauze kuti nsalu ija ndinalandira ndipo telala wasoka bwino. Moni kwa achimwene, alamu ndi ana onse. Ngati simufuna kundiyankhula ndimvetsa, mungowauza amayi kuti kamdalako ndikachotse kapena ndikasiye, iwo andiuza. Chokhacho ndikupempha, musazimitse pakati, muonere mpaka mdalayo akafike mbali inayo. Anzanga ankafuna kuti pothera apunthwe, penti itayike, anthu aseke kwambiri. A Ndevu anandikakamiza, abwananso anati ndiyesere. Pamenepo pokha ndinakana. Amafika, Bambo, n'kutula chitini pansi chili chodzaza.

Ine mwana wanu wotsiriza.