Mfuti Ili M'wadirobu, Ana a Mng'ono Wanga Akubwera

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 49, ndimakhala ku Beech Grove kuno ku America ndipo ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Amuna anga, a Mervin, ndi nesi. Takhala m'banja zaka zoposa makumi awiri ndipo si munthu wovuta ayi. Ndikulemba chifukwa mtima wanga suli m'malo kuyambira mwezi watha, ndipo ndikusowa womuuza. Kutchalitchi kwathu ukauza mmodzi ndiye kuti walengeza.

Zaka ziwiri zapitazo dokotala anawauza kuti shuga wakwera, BP nayonso, achepetse thupi. Anayesa kujimu koma sanakhalitse. Kenako mnzawo wa kuntchito, Chester, yemwe kale anali msilikali, anawatengera kumpikisano wowombera mfuti kunja kwa Indianapolis. Si zongoima n'kumawombera chandamale ayi. Munthu amavala vesiti yolemera ya zitsulo, kuthamanga m'matope, kukoka thumba la mchenga, kukwera khoma, ndiye akafika pa chandamale ali wefuwefu, manja akunjenjemera, awombere molunjika nthawi ikuwerengedwa. Tsiku limenelo anabwerako matope thupi lonse, akuseka ngati mnyamata. Kasekedwe kameneko ndinali nditakaiwala.

Kuchokera pamenepo m'mawa asanapite kushifiti amavala vesiti ija n'kukathamanga. Loweruka amasenza thumba la mchenga n'kumazungulira nalo kuseri kwa nyumba, agalu a aneba akuuwa. Mimba inaphwa, shuga anatsika, mawondo okha ndiwo amadandaula. Katundu nayenso anachuluka: lamba wokhuthala wa timatumba, nsapato, magalasi, zotseka m'makutu, kawotchi kolira, ndi mfuti ziwiri, yaitali ndi yaing'ono. Ine ndinakulira ku Ntcheu, mfuti ndinkangoiona ndi apolisi pa rodibuloko. Poyamba ndinavuta, koma nditaona munthu akuchira ndinatonthola.

Chester anawauza kuti manja azolowere ayenera kupulakatisa tsiku lililonse ngakhale kunyumba, mfuti ilibe zipolopolo: kuisolola, kuloza, kusintha magazini, kabokosi kaja kolowa zipolopolo. Amachitira kuchipinda kwathu, patsogolo pa galasi. Kabati yachitsulo yokiya anagula, ili kubesimenti, chipinda cha pansi pa nyumba, koma akuti kutsika ndi kukwera masitepe tsiku ndi tsiku kumawadyera nthawi. Pang'onopang'ono zonse zinasamukira m'wadirobu mwathu, kuseri kwa masuti. Magazini yopulakatisira imakhala yopanda kanthu, koma zina zapalamba amazidzaza zipolopolo zenizeni, akuti lamba azilemera monga amalemerera pa mpikisano. Ndikafunsa amati, "Amake Joan, kuchipinda kuno amalowako ndani? Ndi inu ndi ine basi."

Ndipo ine ndinkavomereza, Aphungu, chifukwa ndi mmene tinakulira. Kwathu chipinda cha bambo ndi mayi chinalibe ndi chitseko chomwe, panali nsalu yokha pakhomo. Mpira ukagubudukira m'menemo tinkadikira amayi abwere kudimba. Ndinadzalowamo koyamba tsiku limene tinkatulutsa zovala za bambo atamwalira. Ndinali ndi mwana kale, komabe ndinaima pakhomo kudikira wina andiuze kuti lowa. Mwana wathu Joan anabwera kuno ali wamkulupo, mwambo uli kale m'mutu. Mpaka lero akabwera kuchokera kukoleji amagogoda n'kuima panja.

Mwezi watha mng'ono wanga Magdalene anabwera kuchokera ku South Bend ndi ana ake awiri aakazi, onse obadwira konkuno. Iye anapita ku Lafayette Square kukagula ufa ndi nsomba zouma, ana n'kundisiyira. A Mervin anali kushifiti. Ndili kukhitchini ndinangomva kumbuyo kwanga, "Auntie, look, I'm a pilot." Kucheuka, ndi Atupele, wa zaka zisanu ndi chimodzi, wavala zotseka m'makutu zija, lamba akumukokera pansi, magazini zili momwemo. Ndinamuvula pang'onopang'ono n'kumufunsa kumene wazitenga.

"In your closet. We're playing hide and seek."

Ndinati, "Kuchipinda kwa aakulu salowako, wamva?"

Anandiyang'ana, osati mwamwano ayi, n'kufunsa kuti, "Why?" Kwawo akadzuka amakadumphira pabedi la amayi ake. Nditathamangira kuchipinda ndinapeza masuti akankhidwira mbali imodzi, mfuti yaitali yatsamira pakona, ndipo Tiffany, mkulu wake wa Atupele, wakhala mwakachetechete pambali pake, akudikira kuti apezedwe.

A Mervin nditawauza anati, "Inalibe zipolopolo. Vuto ndi alamu anga, sanaphunzitse ana mwambo. Nyumba yanga yomwe ndizikiyakiya ngati ndili ku resitihausi?" Ndinati, "Nanga zapalamba zija?" Anati, "Mwana angadziwe bwanji kulowetsa kwake?" Mpikisano waukulu wayandikira ndipo sakufuna kusintha kalikonse. Akuti tidzaona ukatha.

Magdalene sindinamuuze. Tsopano waimba foni kuti sukulu ikatsekera akufuna adzandisiyire anawo sabata yonse, chifukwa wapatsidwa mashifiti ambiri ndipo alibe wina wowasiyira. Ndamuyankha kuti ndiona kaye. Wadabwa, poti sindinamukanirepo kanthu chibadwire. Ndikamuuza zoona, nkhani ifika kwa mwamuna wake, mawa ili kutchalitchi, amuna anga n'kusanduka "abambo a mfuti aja". Ndikawaumiriza a Mervin, ndikuopa kuti angakwiye n'kusiyiratu masewera amene awabwezera thanzi. Koma ndikamatsuka mbale ndimangoona Tiffany atakhala m'wadirobu muja. Ndichite chiyani?

E.N., Beech Grove

Mayi E.N.,

Nsalu yapakhomo ija nanenso ndikuidziwa. Kwathu inali ya maluwa obiriwira, ndipo mpaka lero sindikudziwa kuti bedi la makolo anga linkaloza kuti. Mwambowo unali wabwino, ndipo ndimausowa. Koma unkagwira ntchito chifukwa ana onse a m'mudzi ankaudziwa, ndipo aliyense wamkulu ankaukumbutsa. Atupele ndi Tiffany akukulira m'nyumba momwe chipinda cha amayi ndi kothawira ukalota zoopsa. Sanachite mwano, ndipo Magdalene sanalere molakwika. Komanso tisanamizane, ngakhale kwathu kuja ena mwa ife tinkasuzumira amayi akachokapo. Kungoti kuseri kwa nsalu kunali sutikesi ndi wailesi.

Choyamba, ana asalowenso m'nyumbamo mfuti zisanakiyidwe. Zodikira kuti mpikisano uthe ayi. Pamenepa pokha musagonje.

Khalani pansi ndi amuna anu tsiku lomwe sanatope, ndipo muyambe ndi zomwe mwandiuza inezi: kuti mwaona thanzi lawo labwerera, kuti mumakondwa kuwamva akuseka, ndipo simukufuna asiye. Munthu akadziwa kuti simukumulanda chinthu chake amamva msanga. Kenako muwaonetse kuti zosinthazo n'zochepa. Kuthamanga ndi vesiti ndi kusenza mchenga sikufuna mfuti, apitirize monga mwa kale. Chosamuka ndi kupulakatisa kuja basi. Galasi lipite kubesimenti, pafupi ndi kabati. Atsegule, apulakatise, abwezeremo, akiye, ndiye akwere. Akanenanso za masitepe, asekeni mwachikondi. Munthu wokoka thumba la mchenga n'kukwera khoma asakuuzeni kuti masitepe a besimenti amulaka. Awawerengere ngati mbali ya trening'i.

Nkhani ya lamba yandiopsa kuposa ya wadirobu. Zipolopolo zenizeni siziyenera kupezeka m'chipinda chomwe munthu akupulakatisira. Pano sindikunena za ana okha. Nesi wochokera kushifiti yaitali, maso akulemera, dzanja likhoza kupita pa magazini yolakwika, inu muli kuseri kwa khoma mukupinda zovala. M'mashopu a zinthu zimenezi amagulitsa zipolopolo zabodza ndi magazini zolemera zopangidwira kupulakatisira. Agule zimenezo. Zenizeni zikiyidwe pazokha, kutali ndi mfuti, ndipo kiyi asakhale m'thumba la suti kapena pansi pa pilo. Funso lawo loti mwana angadziwe bwanji kulowetsa musaliyankhe ndi mkangano. Akumbutseni kuti ana omwewa amatsegula foni yanu inu musanapeze magalasi.

Chester akhoza kukuthandizani. Muitaneni kudzadya, ndipo pamaso pa amuna anu mumufunse kuti iye amasunga bwanji zake. Ngati n'kotheka kaonereni mpikisano umodzi. Mukaona nokha kuti kumeneko munthu amachotsedwa chifukwa chongolozetsa mfuti kolakwika, ngakhale akhale katswiri. Amuna anu amamvera malamulo amenewo pakati pa anzawo popanda kunyinyirika. Mukungowapempha kuti abwere nawo kunyumba.

Magdalene ayenera kuuzidwa, ndipo auzidwe asanalongedze zikwama za ana. Ndi ana ake. Iye ndiye woyenera kusankha ngati abwere kapena ayi, akudziwa zonse. Zingakhale bwino a Mervin atamuuza okha n'kumuonetsa kabati yokiyayo, chifukwa pamenepo adzaoneka munthu amene waona vuto n'kulikonza. Mukazengereza, Atupele adzamufotokozera yekha tsiku lina ali m'galimoto, ndipo mng'ono wanu adzavutika kukukhululukirani kuti munakhala chete. Za kutchalitchi zisakudetseni nkhawa. Adzanena masabata awiri, kenako kudzabwera ukwati wa wina.

Anawo muwauzenso, m'Chingerezi chomwe amamva bwino, kuti akaona mfuti paliponse asaigwire, achokepo, akauze wamkulu. Koma mawu amenewa asalowe m'malo mwa loko. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amavomera ndi mtima wonse, n'kuiwala akangoyamba kusewera.

Amuna anu akakanitsitsa, musakuwe ndipo musaopseze. Uzani Magdalene zoona, pemphani masiku kuntchito, mukawasungire anawo ku South Bend komweko. Bambo akatsala okha sabata yonse ndi wadirobu yawo adzaganiza bwino.

Chenjezo langa ndi ili: musalandire lonjezo, ngakhale lochokera kwa munthu wabwino amene mwakhala naye zaka zonsezi. Akhoza kukiya sabata ino, mpikisano ukayandikira lamba n'kubwereranso kuseri kwa masuti. M'mawa wa tsiku lomwe ana akubwera, yang'anani m'wadirobu nokha, kenako mutsikire pansi, mugwire chitseko cha kabati ndi dzanja lanu, muchikoke. Chikatseguka, imbirani Magdalene asananyamuke.

Aphungu