Khola la Mabotolo Pakhomo pa Saluni

Lachiwiri, 14 Okotobala

Kutentha koopsa. Makasitomala ochepa. Masana potaya madzi ndinasuzumira m'ngalande ya pakhomo pa saluni. Mayo ine! Yadzaza mpaka kukamwa. Mabotolo a zakumwa, majumbo, nsapato ya phazi limodzi, zidutswa za tsitsi loikirira. Mitambo yayamba kale kusonkhana madzulo aliwonse.

Chaka chatha madzi analowa m'saluni mpaka m'mawondo, makina oumitsira tsitsi n'kufa. Omwe ndili nawowa sindinamalize kulipira. Akangofanso awa ndatseka, ndibwerera kolukira anthu pakhonde la nyumba.

Mng'ono wanga, yemwe timagwira limodzi, akuti ndikudandaula ngati nkhalamba. Iye alibe nazo kanthu, makina sanagule ndiye.

Lachinayi, 16 Okotobala

Ndayenda mashopu onse a mzere wathu. Amayi a golosale avomera msangamsanga, mwina poti mabotolo ambiri ngochokera kwawo. A butchala akana. Akuti, "Ine ndimakhoma msonkho, akhonsolo abwere adzachotse." Amayankhula uku akunola mpeni, ndiye nkhani sindinaitalikitse.

Kumunsi kwenikweni kwa mzere kuli bambo owotcherera zitsulo. Timawatchula a Chigoba poti chigoba chotchinga moto sichichoka kumaso kwawo. Zaka zonsezi moni basi. Lero anachikwezera pamphumi, anandimvetsera mpaka kumapeto. Akuti kuvuula zinyalala si vuto, vuto n'loti mawa zibwereranso. Akudziwa gulu la amayi otolera mabotolo apulasitiki pangolo, amakagulitsa kufakitale yomwe imawagaya. Chofunika ndi malo amodzi oikapo. Akonza khola la waya ndi zitsulo zotsala. Kwaulere.

Maso awo ngofatsa. Ndangolemba chabe, palibe china.

Loweruka, 18 Okotobala

Tavuula! Ine, mng'ono wanga, amayi a golosale, a telala, a Chigoba ndi fosholo zawo. Majumbo m'manja ngati magolovesi. Fungo losaneneka. Mng'ono wanga anabwera ndi zikhadabo zopenta dzulo, wabwerera akulira maliro a zikhadabo.

Tinayambira kumtunda, kudutsa pasaluni, kudutsa pagolosale. Dzuwa litafika pamutu tonse tinali titatheratu. Chigawo chakumunsi chatsala. A Chigoba akuti kwawoko kungadikire, tidzamaliza sabata yamawa. A butchala anaonerera zonse ali pakhomo pawo, manja m'chiuno, n'kumatiuza pomwe taphonya.

Msana ukuwawa. Koma pansi pa ngalande paoneka simenti. Sindinkadziwa kuti pali simenti.

Lachitatu, 22 Okotobala

Khola lafika. Lalitali kuposa ine, lopakidwa penti wobiriwira, ndi chikwangwani choti MABOTOLO OKHA. Malo abwino anali pagolosale, koma a Chigoba aliika pakhomo panga. Akuti apa pansi m'posalala.

Mng'ono wanga: "Achemwali, kholali akufuna kukolamo mabotolo kapena inuyo?" Ndamuponyera chipeso.

Loweruka, 25 Okotobala

Tsiku loipa. M'mawa ndapeza m'khola muli matewera a mwana ndi matumbo a nkhuku. Ntchentche mpaka pagalasi. Mkwatibwi yemwe anabwera kudzakonzetsa tsitsi anangogwira mphuno, n'kupita kusaluni ya tsidya la msewu. Ndinalowa kuchipinda chakumbuyo, ndinalira pang'ono. Ndinaputiranji zimenezi?

A butchala alumbira kuti si iwo. Mwina n'zoona, mwana alibe.

A Chigoba anabwera. Anatsuka okha, anawotcherera chivundikiro pamwamba, n'kusiya kabowo kongokwana botolo. Akuti anthu sawerenga chikwangwani, amawerenga bowo. Ndinaseka misozi isanaume.

Ngalande yakumunsi sitinaigwire. Palibe anali ndi mtima.

Loweruka, 1 Novembala

Amayi a ngolo abwera, khola lili tho. Mtsogoleri wawo ngwamfupi, mawu ngati wailesi. Watiphunzitsa: botolo kuliponda kuti liphwatalale, zotsekera pazokha, la mafuta ophikira osasakaniza ndi la madzi. Tsopano makasitomala akamadikira amaponda mabotolo ndi zidendene. Mayi wina akuti akamaponda amaganiza za apongozi ake.

Zinthu zikuyenda zokha. Amayi a golosale akupereka switi kwa aliyense wobwera ndi chikwama chake. A telala akusoka zikwamazo ndi nsalu zotsala. Ine ndasiya sopo wa tsitsi wa m'timapaketi, ndagula chigubu chachikulu, ndizingothira m'botolo lomwelo. Timapaketi timene tinkatuluka muno pa sabata, manyazi.

Kwabweranso bambo wogulitsa maluwa pamphambano. Akutolera makoko a zipatso opangira manyowa, ndipo akuti tsitsi lometa nalonso limawola bwino. Kasitomala wanga wakalekale atamva anatola lake lonse pansi, n'kuika m'chikwama. "Langa lokha ayi, mwanawe." Sindinamuletse.

Tsitsi loikirira ndiye palibe akulifuna. Silipsa bwino, siliwola. Ndikungoliunjika m'thumba mpaka nzeru zitabwera.

Lachinayi, 6 Novembala

A Chigoba abweranso kudzaona mahinjesi a chitseko cha khola. Mahinjesi alibe vuto. Dzana analinso opanda vuto.

Ndinawapatsa tiyi. Anakhala pampando wotsukira tsitsi, mawondo m'mwamba, kapu ikuoneka yaing'ono m'manja mwawo. Akazi awo anamwalira kalekale, ana ali kutali. Anafunsa za ine, ndinati banja linatha, ndipo sindinafe nazo. Anagwedeza mutu basi. Mng'ono wanga anasesa malo amodzimodzi mpaka tiyi kutha.

Lendi Lolemba. Sindikuiganiza n'komwe. Chandigwira n'chiyani?

Lachiwiri, 11 Novembala

Mvula! Inayamba chakumasana, yamphamvu, ya mkokomo padenga. Ndinakweza makina patebulo, ndinaima pakhomo mtima uli m'mwamba. Madzi m'ngalande akungothamanga, osaima, osasefukira. M'saluni ngakhale dontho. Tinavina ndi mng'ono wanga, kasitomala ali ndi theka la mutu loluka nayenso anavina.

Kenako amayi a golosale anakuwa, akuloza kumunsi. Madzi onse omwe tinawatsegulira njira anakafika pomwe tinalekera, anapeza potseka, n'kukhotera m'shopu ya a Chigoba. Onse. Ndi athu, ndi a mzere wonse.

Ndinathamanga osavala nsapato. Ndinawapeza madzi ali m'mawondo, makina owotcherera ali paphewa, akuseka. Akuti, "Mayi, ngalande yanu ikugwira ntchito." Ine kuseka kunandikanika. Munthu anatikonzera tonse, kwake n'kusiya komalizira.

Tinalowa m'ngalande mvula ikugwa. Ndipo woyamba kudumphiramo, a butchala! Epuloni ili m'khosi, akuvuula majumbo ndi manja, akulamula aliyense. Patatseguka madzi anapita ndi phokoso, anthu m'makonde anaomba m'manja.

Zida zawo tazisamutsira kuchipinda changa chakumbuyo. Ndinanena ndine. Ndinanena ndisanaganize.

Lachisanu, 14 Novembala

A Chigoba akuwotcherera pakhonde la saluni mpaka kwawo kutauma. Makasitomala akudandaula phokoso, koma achuluka kuposa kale, ndipo onse akufuna mpando woyang'ana pawindo.

A butchala adzisankha okha kukhala wapampando wa ukhondo. Akuuza aliyense kuti nzeru ya khola inali yawo. Asiyeni, bola agula ndowa ya zinyalala zawo.

Masana a Chigoba anati pansi pa shopu yawo pauma pofika Lolemba. Ndinati simenti imanyenga, pamwamba youma mkati muli madzi, osapupuluma. Anati n'zoona, simenti imatero.

Pochoka anaima pakhomo, akutembenuza chipewa m'manja. Akuti Lamulungu tikaone fakitale yogaya mabotolo ija, tidziwe komwe zinthu zathu zimathera.

Fakitale satsegula Lamulungu. Ndikudziwa, iwonso akudziwa.

Diresi yanga yabuluu ikundithina pang'ono. Yamaluwa mng'ono wanga anabwereka osabweza. Mawa m'mawa ndipite kwa a telala, mwina angandikulitsire yabuluuyo.