Koma ndi Mpumiro pa Tebulo la Alendo

Lolemba, pa 2 Juni

Tsiku loyamba pa tebulo lolandirira alendo. Zaka zonsezi ndili kuseri, kochapira nsalu za hotela ino, lero ndavala jekete. Yothina m'khwapa. A manijala akuti n'zoyesa chabe, mwezi uno wokha. Mtsikana amene anali pamalopa wapita kubanja.

Chingerezi cholankhula si vuto, ndinachitola m'zipinda momwemu. Vuto kulemba. Lamulo la pano, uthenga uliwonse m'Chingerezi. Woyamba ndaulemba mzere umodzi, wautali ngati chingwe choyanikapo zovala. A manijala anauwerenga mokweza osapuma, dala, mlonda ali pomwepo. "Mayi, basi yanuyi ilibe siteji?" Ndinaseka nawo. Nanga n'kutani.

Lachinayi, pa 5 Juni

Ndalembetsa sukulu ya madzulo, kuseri kwa msika. Fungo la choko ndi thukuta. Ndine wamkulu kuposa onse, ndi aphunzitsi omwe.

Kadontho kotsekera chiganizo, mpumiro, n'kosavuta. Ganizo latha, tseka. Chovuta ndi kadontho kamchira kaja, koma. Dzina lofanana ndi koma wathuyu, khalidwenso lomwelo, kuimitsa munthu nkhani isanathe. Aphunzitsi anati tiziwerenga mokweza, pomwe tapuma tiikepo koma. Sakudziwa kuti ndine wa mphumu. Kachiganizo kakafupi, timakoma mbwee ngati nyerere pa shuga. Kalasi yonse kufa nako kuseka.

Miyendo yatupa. Kuimirira tsiku lonse ukumwetulira n'kotopetsa kuposa kufinya mabulangete.

Lamulungu, pa 8 Juni

Bambo a ana andipeza ndikulemba pa mbale yovundikira, tebulo lili ndi wailesi yawo yomasulamasula. "Ukalamba uno ukulimbana ndi timadontho? Kochapira kuja anakuthamangitsa ndani?"

Ndinapitiriza kulemba. Adokotala ananena chaka chatha kuti mankhwala oyeretsera nsalu ndi amene akundimaliza chifuwa, ndichokeko. Ndinawauza bambowa tsiku lomwelo. Anaiwala. Sabata ino sindinakhosomole ngakhale pang'ono, izonso sanazione.

Lachitatu, pa 11 Juni

Ndalakwitsa zazikulu.

Mkulu wophika anandituma ndiimbire kampani ina, ndifunse ngati msonkhano wawo walephereka. Anandiyankha kuti ayi, alendo akubwera. Ndinagwira cholembera, n'kukumbukira kuseka kwa m'kalasi kuja. Ndati lero koma sindiika. Ndinalemba: No visitors are coming. Kutanthauza kuti palibe mlendo akubwera. Pamafunika kamchira kamodzi pambuyo pa No, basi.

Masana basi yodzaza pageti, anthu a mataye, anjala. Kukhitchini mapoto ozizira. Mkulu wophika anandibweretsera kapepalako n'kundiikira patsogolo. Ndinavula jekete n'kukasenda nawo anyezi. Misozi inapeza pobisala.

A manijala sanakalipe. Bola akanakalipa. Angoti kumapeto kwa mwezi kuli mayeso olemba, ndikalephera ndibwerere kuseri.

Loweruka, pa 14 Juni

Aphunzitsi ndinawafotokozera zonse. Anagwira pakamwa, kenako anapepesa. Akuti za kupuma zija n'zophunzitsira ana, ndiziiwale. Koma ali ndi malo ake: pambuyo pa yes ndi no, pakati pa zinthu zondandalika, pambuyo pa dzina la munthu amene ukumuitana. Anatsalira nane anzanga atapita mpaka mlonda wa sukulu anayamba kugwedeza makiyi.

Kenanso anandiphunzitsa kadontho kamchira kolendewera m'mwamba, kosonyeza mwini chinthu. Guest's towels, mlendo mmodzi. Guests' towels, alendo ambiri. Matawulo ndi omwewo, ndawachapa moyo wanga wonse osadziwa kuti ali ndi milandu yotere.

Lachisanu, pa 20 Juni

Kutopa. Mutu waukulu.

Ndinapita kuseri kukamwa tiyi ndi anzanga akale. Nkhani zinazima nditangolowa. Mnzanga wa pa makina aakulu, amene tinkagawana naye chilichonse, anandipukutira mpando ndi nsalu. "Khalani apa, abwana, jekete ingade." Nthabwala, koma yaminga. Kutsogolo ndine wochapa wovala jekete, kuseri ndine bwana. Tiyi ndinamwera chiimire.

M'minibasi ndikumawerenga zikwangwani za m'misewu, kufunafuna timadontho. Ndapitirira siteji yanga.

Lolemba, pa 30 Juni

Mayeso. Mu ofesi ya a manijala, fani ikulira pamwamba. Ndime yonse yopanda chizindikiro n'chimodzi chomwe, ndiikemo ndekha. Ndinayenda nayo pang'onopang'ono ngati posita malaya a silika. Pomaliza panali funso lobisala pakati, ndinaligwira, n'kulipatsa mfunsiro wake.

Anawerenga ndili pomwepo. Cholembera chofiira m'manja, chosagwira ntchito. Anabwerezanso kuchokera pamwamba. Kenako: "Mwayesetsa, mayi." Osandiyang'ana. Akuti andidziwitsa.

Ndagula nsomba yaikulu pobwerera. Bambo a ana afunsa ngati kuli mlendo.

Lachiwiri, pa 1 Julaye

Ndafika m'mawa, pa tebulo pali mtsikana. Zikhadabo zazitali zopaka utoto. Mwana wa mchemwali wawo wa akazi a eni hotela. Ulemu ali nawo ndithu, anandipatsa moni wa manja awiri, alibe chifukwa mwanayo. Jekete yake yomukwana bwinobwino, dzina losokerera pachifuwa. Telala sasoka zimenezo tsiku limodzi. Mlonda wandinong'oneza kuti muyezo anadzamutenga mwezi usanafike n'pakati pomwe.

Yanga ndapereka ku stolo. Ndabwerera kuseri. Mnzanga wa pa makina anangondisunthira beseni, n'kutenga yekha mbali ya mankhwala. Pofika masana chifuwa chayamba kulira ngati mwana wa mphaka.

Kusukulu sindinapite.

Lachinayi, pa 3 Julaye

Dzulo kugona tsiku lonse. Lero ntchito.

Pa nthawi yopuma ndinakhala pa mulu wa mashiti akuda, pepala pa bondo. Mawu ochepa, koma anandidyera nthawi yonse ya tiyi. Sir, if the job was already taken, why did you test me? Kufunsa a manijala kuti ngati ntchito inali ndi mwini kale, anandiyeseranji. Ndinaonetsetsa chilichonse chili pamalo pake. Pansi dzina langa lonse, osati la mayi wochapa.

Mnzanga anati ndaika dzanja m'kamwa mwa galu, ana adya chiyani akandichotsa. Zoona zake. Ndinayenda nalo m'thumba la epuloni mpaka linanyowa ngodya. Poweruka ndinapeza chitseko cha ofesi chotseka, ndinalilowetsa pansi. Likangolowa silibwerera.

Ndisanafike pageti mlonda akundithamangira. Akuti eni hotela anali mkatimo ndi a manijala, ndipo pepalalo analitola ndi eni hotelawo. Akundifuna mawa m'mawa, ndisanayambe ntchito.

Bambo a ana sindinawauze. Ndasita diresi langa la buluu. Nsapato zakuda chidendene chinatha, kaya ndibwereke kwa oyandikana nawo nyumba.